Wachoka n'kubwerera, timuimbire nyimbo kapena ayi?

Bambo a Chiko (Ndirande): Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Pali nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira m'mawa. Ndinapita kukametetsa pamsika wa Ndirande, ndiye mkangano unabuka mpaka wometa anazimitsa makina n'kuyamba kulankhula ndi manja onse awiri. Nkhani yake ndi ya Peter Mponda. Munthuyu ndi mwana wapakhomo, tinamuona akusewera atavala zofiira, anadzakhala wachiwiri kwa kochi wamkulu Kalisto Pasuwa, kenako anapita ku Lilongwe n'kukatenga ligi ya 2024 ndi Silver. Ligi imeneyo ife Maule, a timu ya Bullets, tinali titaitenga kasanu motsatizana kuyambira 2018, ndipo amene anatilanda ndi iyeyo. Mu 2025 anabwerera kudzakhala kochi wathu. Mutu wanga ukuvomera kuti ntchito amaidziwa, koma mtima ukukana kumuimbira nyimbo. Kodi ndikulakwitsa?

Nyerere ya ku Bangwe: Mukulakwitsa achimwene. Munthu anapita kukagwira ntchito, ndipo anaigwira. Mumafuna akafike ku Silver azikaluza dala kuti inu musangalale ku Ndirande? Akanatero ndiye mukanamutenga lero?

Bambo a Chiko (Ndirande): Sindikunena kuti akanaluza dala. Ndikunena kuti akanadikira. Pakhomo pako sumachoka chifukwa choti mpando waukulu pali wina.

Kochi wa ana (Zingwangwa): Akanadikira mpaka liti, bambo? Pasuwa ankawina chaka ndi chaka. Mu 2023 mokha anatenga ligi, FDH Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Palibe bwana amene angachotse kochi woteroyo kuti aike wachiwiri wake. Ndiye Mponda akanakalambira pabenchi akunyamula makoni. Chinanso, inu nomwe a Maule mukanamukana mukanati sanayesedwepo. Anapita kukayesedwa, anakhoza, ndiye mwamuitana. Silver inali isanaione ligi kuyambira 2013. Chimene chakupatsani chikhulupiriro mwa iye ndi chomwecho chimene chikukupwetekani.

Madala a Mbewe (Chilomoni): Ana inu, ndiloleni ndilankhulepo. Ine ndinayamba kupita kusitediyamu timu ikutchedwa Bata Bullets, Kinnah Phiri akumwetsa zigoli ngati akutola. Dzina la kutsogolo lasintha kangati? Bata, Total, Bakili, Nyasa, pano FCB. Anzathu a Wanderers nawonso: Yamaha, Limbe Leaf, Telekom, MTL, Be Forward, Mukuru. Makampani onsewo anabwera n'kupita, osewera anabwera n'kupita, makochi chimodzimodzi. Amene sanasunthe ndi ife a m'masitandi. Kinnah yemweyo anachoka m'dziko muno n'kukakhala zaka zambiri ku Swaziland. Atabwerera ndi amene anatifikitsa m'magulu a CAF Champions League mu 2004, titatulutsa Orlando Pirates. Tinasewera ndi Enyimba, Etoile du Sahel ndi Africa Sports. Palibe timu ina ya kuno imene inafikapo pamenepo. Tsiku lomwe tinatulutsa Pirates palibe amene anafunsa kuti Kinnah unali kuti zaka zonsezi.

Bambo a Chiko (Ndirande): Zikomo madala, koma Kinnah anapita kunja. Sanapite kwa mdani wa m'ligi yomweyi n'kudzatilanda mbale pakamwa.

Madala a Mbewe (Chilomoni): Pamenepo ndikumva, mwana wanga. Kusiyana kulipo ndithu, ndipo sindikutsutsa kuti zimawawa. Koma Silver si mdani, ndi mpikisano chabe. Mdani wathu wa chibadwire ndi Wanderers ya pa Lali Lubani. Akanapita kumeneko ndiye inenso ndikanakhala nawe mbali imodzi.

Nyerere ya ku Bangwe: Madala, ndi ulemu wonse, mawu oti mdani ine amandivuta. Mayi anga ndi a Maule, bambo anga anali a Manoma, kunena Wanderers, ndipo anakhala m'banja zaka 31 mpaka bambo kutisiya. Tsiku la dabi mayi ankaphika nsima msanga chifukwa ankadziwa kuti madzulo mmodzi mwa awiriwo sadya. Koma m'mawa mwake ankamwera tiyi limodzi. Ine ndinatsata bambo. Ndipo za kukhulupirika musatiphunzitse ife. Tinatenga ligi mu 2006, n'kudikira mpaka 2017. Zaka 11 tikusekedwa m'maminibasi, kusukulu, ngakhale kumaliro. Ndinali mwana wa pulayimale pomwe tinatenga ya 2006, ya 2017 inandipeza ndili ndi mkazi. Sindinavulepo buluu ngakhale tsiku limodzi.

Wa ku Joni: Ya 2017 ija inali timu yeniyeni amwene. Yasin Osman pabenchi, Kamwendo pakati, Esau Kanyenda atabwera kudzamalizira kwawo atasewera zaka ku Russia. Ndinali nditangofika kumene kuno ku Johannesburg, ndinkamvera gemu pafoni ndili kuseri kwa shopu.

Nyerere ya ku Bangwe: Ndipo m'timu imeneyo munalinso Jaffalie Chande, wochokera ku Bullets komweko. Ife tinamulandira ndi manja awiri. Chiukepo Msowoya nayenso atavala buluu tinamuombera m'manja, munthu amene anatiliza kangapo konse atavala zofiira. Wosewera akavala jezi yanga ndi wanga, akaivula ndimamufunira zabwino kupatula tsiku lomwe akusewera nafe.

Bambo a Chiko (Ndirande): N'zosavuta kulankhula choncho pomwe ndiwe wolandira. Tiye tione tsiku lomwe kaputeni wanu adzawoloke kubwera kwathu ngati udzalankhule mawu omwewa.

Nyerere ya ku Bangwe: Zidzandiwawa, sindikana. Koma sindidzapita kunyumba kwake kukamutukwanira mkazi ndi ana, monga amachitira ena.

Gunner wa ku Machinjiri: Ine ululu umenewu ndimaudziwa. 2012, Robin van Persie ndi kaputeni wathu ku Arsenal, wangomaliza ligi ndi zigoli 30, kenako tikumva kuti wasaina ku Manchester United. Chaka chotsatira watenga ligi ndi Ferguson. Ndinali nditagula jezi ya dzina lake pa kaunjika ku Limbe, ndinaipinda n'kuika pansi pa sutikesi, mpaka lero sindinaivalenso. Ndiye Bambo a Chiko ndikukumvetsani kwambiri.

Madala a Mbewe (Chilomoni): Iwe mwana, van Persie akudziwa kuti ku Machinjiri kuli munthu amene anamukwiyira?

Gunner wa ku Machinjiri: Sakudziwa madala, koma mtima suona mtunda. Ndinayamba kutsata Arsenal mu 2004 timu itamaliza ligi yonse osagonja. Ndinkaba nthawi ya homuweki n'kukakhala pabenchi la matabwa m'kanyumba ka vidiyo, jenereta ikulira panja. Wenger anakhala zaka 22, ndinakula naye ngati malume. Atachoka mu 2018 ndinakhala tsiku lonse osalankhula. Kodi chikondi chimenecho n'chabodza chifukwa choti sindinafikepo ku London?

Madala a Mbewe (Chilomoni): Sindikuti n'chabodza. Chimene chimandipweteka n'choti Loweruka masana mabala a mu Blantyre amadzaza ndi anthu ovala majezi a ku England, pomwe pa Kamuzu Stadium timu zathu zikusewera masitandi ali mbee, pokhapokha ikakhala dabi. Ndalama yomwe umamwera pabala ukuonera Arsenal palibe imene imafika kwa mnyamata wa kuno amene akuthamanga padzuwa.

Gunner wa ku Machinjiri: Apo mwandigwira. Chaka chatha ndinalowa musitediyamu kawiri kokha. Koma nanunso vomerezani kuti malowo satikopa. Masitandi ena anatsekedwa kalekale chifukwa anang'aluka, zimbudzi ndiye musanene, pageti kukankhana. Mwana wamng'ono sungapite naye mtima uli m'malo. Ngakhale timu zathu zikamasewera za CAF zimapita ku Bingu ku Lilongwe, kusiya masapota awo kuno.

Kochi wa ana (Zingwangwa): Ndibwerere pa makochi pang'ono, chifukwa pamenepa ndi pomwe ife masapota timaonetsa nkhope yathu yeniyeni. Tikufuna kochi akhale wokhulupirika kwa ife, koma ife timakhulupirika kwa iye magemu angati? Pasuwa anabwera atatenga kale ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos kwawo ku Zimbabwe. Kuno anatenga kasanu. Koma ine ndinamva ndi makutu anga anthu m'masitandi akukuwa kuti azipita, timu itangofanana mphamvu ndi timu yaing'ono. Atagonja kwa TP Mazembe mu 2023 ena ankati ndi kochi wa m'mudzi, kunja sangathe. Mazembe yomwe yatenga chikho cha Africa kasanu! Munthu amene mukumunyoza chonchi, akapeza pena mudzamutcha wosakhulupirika?

Bambo a Chiko (Ndirande): Ine sindinamunyozepo Pasuwa. Ndinkangodandaula kuti nthawi zina mpira wake unali wosamala kwambiri, timu ikatsogola 1-0 basi kutseka pakhomo. Maule timafuna mpira wothamanga, wa m'mapiko, woti munthu uimirire pampando.

Kochi wa ana (Zingwangwa): Kudandaula n'kololedwa bambo, ngakhale ine ndimadandaula. Koma onani za Meke Mwase. Ndi iyeyo amene anapititsa Flames ku AFCON ya ku Cameroon, titakhala osapitako kuyambira 2010. Kutatsala pang'ono kunyamuka, anamuika pansi pa Mario Marinica. Kenako Marinica anapezeka ndi Covid, ndipo pabenchi tsiku lomwe tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 panali Meke yemweyo. Munthu anatsitsidwa, koma atafunidwa anaimirira n'kugwira ntchito osanyinyirika. Ngati mukufuna chitsanzo cha kukhulupirika ndi chimenecho. Nanga ife tinamubwezera chiyani? Ndi angati pagulu pano amene amamutchula akamakamba za Cameroon?

Wa ku Joni: Aliyense amangokumbuka chigoli cha Gaba, Gabadinho Mhango.

Gunner wa ku Machinjiri: Nanga n'kuiwalika chimenechija? 25 January 2022, mphindi 7 zokha, munthu akuona goloboyi wa Morocco wasuntha pang'ono, n'kuumenya ali kutali chonchija. Kwathu ku Machinjiri anthu anatuluka m'nyumba ndi mapoto, agalu onse kuuwa. Tinagonja 2-1 koma usiku umenewo palibe amene anagona ndi manyazi.

Wa ku Joni: Kuno anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku Nigeria ankatigwira chanza kuntchito m'mawa mwake. Munthu ukakhala kunja zinthu zoterezi zimakuimika mutu. Ndiye patangopita miyezi yochepa Marinica akumusiya Gaba kunja kwa timu. Ine zinandipweteka kwambiri. Mnyamata amene anagawana nsapato yagolide ya ligi ya kuno ndi Peter Shalulile, zigoli 16 ali ku Pirates, amene watinyamula ku Cameroon, lero sakukwanira mu Flames?

Kochi wa ana (Zingwangwa): Pamenepo ine ndimaima pakati. Kochi ali ndi ufulu wosankha, ndipo palibe wosewera amene ali wamkulu kuposa timu. Ine ndi ana anga a zaka 14 ndimasiya panja womwetsa zigoli akajomba kutireningi, ngakhale makolo ake akwiye. Koma kochi wanzeru amadziwanso kuti osewera ngati Gaba dziko laling'ono ngati lathu silibala chaka chilichonse. Umakhala naye pansi, chitseko chotseka, mpaka mumvane.

Mayi a Tadala (Chirimba): Pepani abambo, ine nthawi zambiri ndimangowerenga, koma lero ndalephera kupirira. Mukukamba za kukhulupirika kwa osewera, ndiye ndikuuzeni za mlongo wanga.

Ankasewera pakati m'timu ina ya ligi yaing'ono ya m'chigawo chino, dzina sinditchula. Masapota ankamutcha Injini chifukwa sankatopa. Ali ndi zaka 23 kunabwera anthu a timu ina yokulirapo kudzamufuna, ndi malipiro a pamwezi olembedwa papepala. Kumene anali ankangolandira bonasi akawina, nthawi zina osalandira n'komwe. Nkhani itamveka, masapota anabwera kunyumba kwa mayi athu usiku, gulu ndithu, atakhala pakhonde mpaka pansi pa mtengo wa mango. Anamuchonderera kuti usatisiye chaka chino, tikulowa mu Super League, iwe ndiwe mwana wathu. Mkulu wina mpaka anagwetsa misozi. Mlongo wanga anawamvera. Ine ndinamuuza kuti pita, mayi anamuuza kuti pita, koma iye anati anthu awa andilera, ndingawayang'ane bwanji kumaso.

Patapita miyezi 4 anathyoka bondo pabwalo lafumbi, wina atamulowa kumbuyo. Panalibe machira, panalibe galimoto. Anamunyamula anzake awiri mpaka kumsewu, n'kumukweza pa kabaza mwendo ukulendewera. Ndinamupeza kuchipatala atagona pabenchi, adakali ndi masokosi a timu, fumbi lili mbuu kumaso, akulumira mano. Akuluakulu a timu anabwera kamodzi, ndi paketi ya shuga ndi buledi. Ulendo wachiwiri anatuma mnyamata kudzatenga jezi, akuti ilipo seti imodzi yokha ndipo Lamlungu kuli gemu. Ndinaichapa ndekha jeziyo, n'kuipereka.

Ndalama ya opaleshoni sinapezeke. Lero ali ndi zaka 29, amayenda chotsimphina, amakonza nsapato pafupi ndi siteji. Anthu omwe aja anadzadza pakhonde la mayi amadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku popita kuntchito. Ena amamupatsa moni, ambiri amayang'ana kumbali. Nsapato zake za mpira adakazisungabe mu jumbo, anapachika pamsomali kuchipinda, ndipo nthawi zina ndimamupeza akuzipaka polishi.

Ndiye mukamati wosewera asachoke, kochi adikire, ndimafuna ndikufunseni: akathyoka, inu mudzakhalapo?

Nyerere ya ku Bangwe: Achemwali, pepani kwambiri. Ndasowa chonena.

Madala a Mbewe (Chilomoni): Pepani mayi. Nkhani ngati imeneyi ndaionapo kambiri, ndipo si m'timu zazing'ono zokha. Pali anthu amene tinkawanyamula pamapewa zaka za m'ma 1980, amene anabweretsa ulemu m'dziko muno, koma ukalamba wawo unali wa chisoni. Timadzawakumbuka tsiku la maliro, ndi nkhata zamaluwa ndi zolankhula zazitali. Ine ndemwe ndakhalapo pamaliro otero, ndikudzifunsa kuti pomwe ankadwala ndinali kuti.

Wa ku Joni: N'chifukwa chake ine mnyamata aliyense akapeza mwayi ndimati thawa, usachedwe. Mpira ndi zaka 10, ukachita mwayi 15. Ernest Mtawali, Patrick Mabedi, John Maduka, onsewa mayina awo anakula chifukwa anatuluka. Mabedi mpaka anavala lamba wa ukaputeni ku Kaizer Chiefs. Onani Tabitha ndi Temwa Chawinga kumene afika, wina ku Lyon, wina ku Kansas City akumwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024. Akanamvera zoti usatisiye bwenzi ali kuti?

Bambo a Chiko (Ndirande): Mayi a Tadala, nkhani yanu yandikhudza, ndipo ndikupepesa ngati mawu anga akhala ngati mchere pabala. Mlongo wanu analakwiridwa, palibe kuzungulira. Koma ndiloleni ndinene chimodzi, musandimve molakwa. Ngati tonse tivomereza kuti mpira ndi ganyu basi, aliyense azingopita kumene kwanona, ndiye ine ndikalipira pageti ndikukaonera chiyani? Chimene chimandidzutsa m'mawa kukakhala m'masitandi a Biafra padzuwa kuyambira 11 koloko ndi choti anyamata ali m'bwalomo akumva chimene ine ndikumva. Fischer Kondowe ankati akaluza dabi nkhope yake inkaoneka ngati yathu. Anapita ku South Africa, anabwerera kwawo ku Maule, n'kusewera mpaka msinkhu womwe anzake onse anali atapachika kale nsapato. Mwana wanga Chiko sanamuone bwino Fischer akusewera, koma dzinalo amalidziwa. Ngati anthu otero atha, chatsala n'chiyani?

Mayi a Tadala (Chirimba): Sindikukana bambo, anthu otero ndi okoma ndipo timawakonda. Mlongo wanganso anali wotero, ndi chimene ndikunena. Kusiyana kwake n'koti wina zinamuyendera, wina zinamuthyokera. Chikondi choterocho munthu azipereka yekha mwa kufuna kwake. Koma ife tisamachite kupita usiku pakhonde la mayi ake kukachipempha, pomwe m'thumba mwathu mulibe chomubwezera.

Kochi wa ana (Zingwangwa): Mawu amenewo ndiwasunga, ndikawauze makolo a ana anga. Ndipo ndiwonjezere. Timu ikafuna kuti wosewera akhale, njira yake ndi kontirakiti yooneka, malipiro ofika pa tsiku lake, ndi chithandizo akavulala. Nyimbo za m'masitandi sizigula ufa. Timu zikuluzikulu zayamba kuyenda ngati makampani, ndipo malamulo a club licensing akukakamiza zina mwa zimenezi, koma kumunsi kuno kumene ine ndili mwana amasaina pepala lomwe sanaliwerenge, ena osasaina kalikonse. Ine mwana aliyense amene akutengedwa ndi timu ndimamuuza kuti abwere ndi kholo, tiwerengere limodzi mzere ndi mzere, makamaka pamene pakunena za kuvulala. Pakakhala palibe, ndimamuuza asasaine.

Gunner wa ku Machinjiri: Komanso tinene zoona, masapota enafe ndi amene timadya timu. Kwa zaka zambiri nkhani ya ndalama za pageti yakhala ikumveka, anthu olowa ulere chifukwa amadziwana ndi wapakhomo, ena ofuna gawo lawo gemu ikatha chifukwa akuti ndi masapota akuluakulu. Munthu yemweyo mawa ndi amene akutsogolera kukuwa kuti wosewera uyu ndi wadyera.

Madala a Mbewe (Chilomoni): Zimenezo n'zoona ndipo zinatichedwetsa kwambiri. Sapota weniweni amalowetsa dzanja m'thumba mwake, osati m'thumba la timu. Ine chiyambire sindinalowepo ulere, ngakhale masiku omwe wapageti anali mwana wa mlongo wanga. Koma Bambo a Chiko asatsale okha pamenepa, chifukwa chimene akunenacho chili ndi mutu. Kuchoka kulipo kuwiri. Pali wochoka atatsanzika, n'kunena zikomo, ndipo akadzagoletsa timu yake yakale sachita chipongwe kwa anthu amene ankamuimbira. Pali wina wochoka usiku, dzulo lake atapsompsona baji pamaso pathu. Woyambayo khomo limakhala lotsegula. Wachiwiriyo ngakhale ine nkhalamba sindimuiwala. Ndiye funso langa kwa iwe mwana wanga ndi ili: Mponda unamumvapo akunyoza Maule pomwe anali ku Lilongwe?

Bambo a Chiko (Ndirande): Ayi madala, kunama n'kulakwa. Sindinamumvepo.

Madala a Mbewe (Chilomoni): Nanga pa 11 January 2010 ku Luanda, tikugonjetsa Algeria 3-0, Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda akumwetsa, amene anavala lamba kumbuyo kuja anali ndani?

Bambo a Chiko (Ndirande): Anali iyeyo. Tsiku limenelo ndinathamanga kuchoka ku Ndirande mpaka pa Ginnery Corner osadziwa kuti ndikupita kuti.

Nyerere ya ku Bangwe: Tsiku limenelo tonse tinali amodzi, panalibe Maule panalibe Nyerere. Bambo anga anamukumbatira neba wathu wa Bullets amene anali asanalankhulane naye mwezi wathunthu.

Bambo a Chiko (Ndirande): Chabwino, ndamva. Sindinama kuti mtima wasintha lero lomwe. Kusitediyamu ndipita monga mwa nthawi zonse, timu ndiichemerera, ndipo dzina lake sindilinyoza pakamwa panga. Nyimbo yokhayo ndiyamba ndadikira, ibwere yokha. Koma pali china chimene chandikhala pakhosi kuposa za Mponda. Mayi a Tadala, mlongo wanu amakhala pa siteji iti? Ndili ndi nsapato za kuntchito ziwiri zofuna kusoka, ndipo ndikufuna ndikamuone ndi maso.

Mayi a Tadala (Chirimba): Ndikutumizirani kumbali bambo, pagulu pano ayi. Ndiyambe ndamufunsa kaye, chifukwa ndi munthu wosafuna kumveredwa chisoni. Mukakafika musakayambe ndi za bondo. Mukamufunse za mpira, ndi pomwe amamasuka.

Kochi wa ana (Zingwangwa): Mukamufunsenso ichi, mayi. Ine ndili ndi ana 26 ndipo ndili ndekha. Osewera pakati ndilibe wowaphunzitsa bwino chifukwa ine ndinali wotchinga kumbuyo. Ngati angakonde, azibwera Lachitatu ndi Loweruka m'mawa. Sakufunika kuthamanga, angoima pambali n'kumawauza poima ndi popereka mpira. Ndalama yambiri ndilibe, koma ya minibasi ndi kangachepe ka sopo makolo amasonkha.

Wa ku Joni: Ya minibasi ya miyezi itatu yoyamba ikhale yanga. Kochi, nditumizireni nambala yanu kumbali, nditumiza mwezi ukatha.

Mayi a Tadala (Chirimba): Ndikamuuza madzulo ano akaweruka. Sindikulonjeza kuti avomera, papita zaka 6 asanapondepo pabwalo lililonse, ngakhale kukaonerera. Koma ndikamuuza.

Nyerere ya ku Bangwe: Akavomera mundidziwitse tsiku loyamba, ndili ndi mipira iwiri yomwe ikungokhala kunyumba, umodzi ukungofunika kupopa.

Kochi wa ana (Zingwangwa): Bwera nayo Loweruka lomwe lino amwene, pampu ndili nayo. Timayamba 7 koloko dzuwa lisanakwere.